Giza ikamachita dzimbiri msanga, yambani mwaona ndodo ya magnesium

M'nyumba zambiri za mu Lilongwe, kaya ndi zakale za ku Area 18 ndi Area 47 kapena zomangidwa kumene ku Area 49 ndi Area 25, muli vuto limene limabwera mobwerezabwereza ndipo limadya ndalama zambiri. Giza imagwira ntchito bwinobwino kwa zaka zochepa, kenako madzi otentha amayamba kutuluka ofiirira, pa siling'i pamaoneka banga la chinyezi, ndipo pulambala akakwera kudenga amatsika ndi uthenga woti thanki yabooka ndipo palibenso chochita koma kugula ina. Mwini nyumba amagula ina, amaiika pamalo omwewo, imalandira madzi omwewo, ndipo nayonso imathera momwemo. Ambiri amaloza chala madzi, ena amati katundu wa masiku ano ndi wosalimba. Zonsezi zili ndi mbali yake, koma nthawi zambiri chimene chimapha giza ndi ndodo imodzi ya chitsulo chopepuka chotchedwa magnesium yobisika mkati mwa thanki, imene apulambala amaitcha anode. Ndodoyi inaikidwamo kuti izidyeka m'malo mwa chitsulo cha thanki, ndipo ikatha popanda wina kuisintha, dzimbiri limatembenukira ku thankiyo.

Chimene chimachitika mkati mwa thanki

Magiza ambiri ali ndi thanki yachitsulo imene mkati mwake anamatamo galasi lopyapyala lootcha pamoto. Galasi limeneli ndilo chitetezo choyamba, koma silikuta paliponse mokwanira. Pamene anawotcherera, pa mazinga a mabowo olowera mapaipi ndiponso m'ming'alu ing'onoing'ono imene imabwera chifukwa chitsulo chimafutukuka chikatentha n'kubwerera chikazizira, chitsulo chimakhudzana ndi madzi. Pamalo otere atomu ya chitsulo imataya maelekitironi awiri (tizigawo take ting'onoting'ono tonyamula magetsi) n'kusungunukira m'madzi. Maelekitironiwo amayenda m'chitsulo momwemo mpaka pamene pali mpweya wa okosijeni wosungunuka m'madzi, ndipo okosijeniyo amawalandira. Chitsulo chimene chasungunuka chija chimakumananso ndi okosijeni ndi madzi n'kusanduka dzimbiri lofiirira limene tonse timalidziwa. Choncho dzimbiri ndi nkhani ya magetsi ang'onoang'ono oyenda pakati pa malo awiri a chitsulo chimodzi, ndipo madzi otentha amafulumizitsa zonsezi.

Zitsulo zimasiyana pa changu chake chotaya maelekitironi, ndipo akatswiri amayeza changu chimenechi m'mavoti. Pa muyezo wovomerezeka magnesium ali pa -2.37 V, aluminiyamu pa -1.66 V, zinki pa -0.76 V, chitsulo cha ayironi (monga cha thanki) pa -0.44 V, pamene kopa ali pa +0.34 V. Nambala ikatsika kwambiri pansi pa ziro, ndiye kuti chinthucho chimataya maelekitironi mosavuta. Magnesium akalumikizidwa ndi chitsulo, zonse ziwiri zili m'madzi amodzi, zimapanga batire lenileni. Magnesium amasungunuka n'kumatumiza maelekitironi ake ku thanki kudzera pa mazinga pamene ndodoyo yamangidwira. Okosijeni wa m'madzi akafika pamalo pamene galasi lasweka, amapeza maelekitironi ochokera ku magnesium akumudikira kale, ndipo atomu za chitsulo zimakhala m'malo mwake osasungunuka. Pamalo omwewo madzi amasanduka a alkali pang'ono, zimene zimachititsa kuti laimu wa m'madzi amatirire pa chitsulocho n'kuchiphimba, ndipo chimenechi ndi chitetezo chinanso chowonjezera.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Humphry Davy, yemwenso anali woyamba kupatula magnesium payekha m'chaka cha 1808, anasonyeza mu 1824 kuti kopa wokutira pansi pa sitima zankhondo za ku Britain angatetezedwe ku madzi a m'nyanja pomangirirapo zidutswa za zinki kapena chitsulo. Kopayo anatetezekadi, ngakhale kuti panabuka vuto lina, chifukwa kopa atasiya kusungunuka, zomera ndi tizilombo ta m'nyanja tinayamba kumatirira pa sitimazo. Malata amene tinafolera nyumba zathu amagwira ntchito pa mfundo yomweyi: amakutidwa ndi zinki, ndipo lata likakandika pang'ono, zinki wozungulira pokandikapo ndiye amadyeka, chitsulo n'kutsala. M'giza amasankha magnesium chifukwa madzi akumwa sadutsitsa magetsi bwino ngati madzi amchere a m'nyanja, choncho pamafunika chinthu chokhala ndi mphamvu yaikulu yokankha maelekitironi kuti chitetezo chifike kumapeto onse a thanki.

Pali masamu ochepa amene amathandiza kumvetsa chifukwa chake ndodoyi singakhale mpaka kalekale. Magalamu 24.3 a magnesium amapereka maelekitironi ochuluka mofanana ndi amene magalamu 55.8 a chitsulo akanataya, kotero kuti papepala galamu imodzi ya magnesium imapulumutsa magalamu oposa awiri a chitsulo. Koma pafupifupi theka la magnesium limangodyeka lokha m'madzi n'kumatulutsa mpweya wa hydrogen popanda kuteteza chilichonse, choncho kilogalamu imodzi imapereka pafupifupi 1,100 Ah m'malo mwa 2,200 Ah (Ah ndi muyezo wa kuchuluka kwa magetsi operekedwa, monga umalembedwa pa batire). Tiyerekeze kuti thanki yanu ikukoka timagetsi tochepa ta 10 mA (ndiye kuti 0.01 Ah pa ola lililonse) usana ndi usiku: pa chaka ndiye 87.6 Ah, kutanthauza magalamu pafupifupi 80 a magnesium. Ming'alu ikachuluka kapena madzi akakhala amchere kwambiri, magetsi okokedwawo amakwera kangapo, ndipo ndodo imene ikanatha zaka zambiri imatha m'chaka chimodzi kapena ziwiri.

Madzi otentha akutuluka ofiirira

Musanaitane munthu aliyense, tengani zidebe ziwiri zoyera mkati, m'chimodzi mutungire madzi ozizira, m'chinacho madzi otentha, mutatsegula mpopi uliwonse kwa mphindi zingapo. Ngati madzi onse awiri ndi ofiirira, giza ilibe mlandu. Madzi a Lilongwe Water Board amachokera mu mtsinje wa Lilongwe ndi madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, ndipo monga zimachitikira m'mapaipi a mzinda uliwonse, madzi akasiya n'kubweranso amatha kuvundula zinyalala zimene zinadikha m'mapaipi, koma amayera pakapita kanthawi. Ngati mumagwiritsa ntchito mjigo, onani ngati madzi akutuluka oyera kenako n'kusanduka ofiirira atakhala m'chidebe kwa maola angapo. Zikatero ndiye kuti madziwo ali ndi chitsulo chosungunuka chochokera pansi pa nthaka, chimene chimasintha mtundu chikakumana ndi mpweya, ndipo mankhwala ake ndi kusefa madzi asanalowe m'nyumba. Ngati kufiirako kukuoneka pa masekondi oyambirira okha m'mawa kenako n'kutha, kayikirani mapaipi akale achitsulo a m'khoma.

Koma madzi ozizira akakhala oyera pamene otentha akupitiriza kufiira ngakhale mutatsegula nthawi yaitali, ndiye kuti thanki yayamba kudyeka, ndipo mosakayikira ndodo inatha kale. Apa ndi pofunika kuchita changu. Ndodo yatsopano imaimitsa dzimbiri pamene lafika, koma sibwezeretsa chitsulo chimene chatha kale. Thanki imene yayamba kudontha pathupi pake kapena powotcherera yapitirira msinkhu wopulumutsidwa, ndipo sindikulangizani kulola munthu kuti aiwotcherere, chifukwa moto wowotcherera umaswa galasi lozungulira malowo n'kusiya chitsulo chochuluka pambalambanda, komanso thanki imeneyi imasunga madzi otentha opanikizika pamwamba pa mitu ya anthu. Onetsetsani kaye kuti kudonthako sikukuchokera pa labala ya elementi (chipangizo cha magetsi chotenthetsa madzi) kapena pa valavu yotulutsa madzi akapanikizika kwambiri, chifukwa zimenezi zimakonzeka mosavuta ndipo magiza ena amatayidwa akadali abwino.

Kuchotsa ndodo ndi kumvetsa zimene ikuonetsa

Zimitsani magetsi a giza pa bokosi lalikulu la magetsi, osati pa switchi ya pakhoma pokha, ndipo mudikire kuti madzi azizire. Tsekani madzi olowa, tsegulani mpopi wa madzi otentha kuti mphamvu ituluke, kenako khuthulani madzi mpaka atsike pansi pa bowo la ndodoyo. Pa magiza ena ndodo ili ndi mutu wakewake wa makona asanu ndi limodzi, pa ena inamangidwa pa chivundikiro chimodzi ndi elementi, choncho onani kabuku kamene kanabwera ndi giza yanu. Mutu umenewu umakhala wolimba kwambiri ndipo umafuna sipanala ya soketi yokwana bwino, pamene munthu wina wagwira thanki kuti isagwedezeke n'kuthyola mapaipi. Ngati simunazolowere ntchito za magetsi ndi mapaipi, itanani pulambala, koma mumupemphe kuti akutsitsireni ndodoyo muione ndi maso anu, chifukwa ndi imene imakuuzani za moyo wa thanki yanu.

Ndodo yatsopano imakhala yosalala, yotuwa, yopepuka modabwitsa poyerekeza ndi kukula kwake, ndipo pakati pake pamadutsa waya wachitsulo woigwira. Ndodo imene yagwira ntchito yake bwino imatuluka yokumbikakumbika ngati chitsononkho, ili ndi timaenje paliponse ndi phala loyera lomata m'manja, limene ndi magnesium hydroxide. Anthu ena akaiona chonchi amaganiza kuti anawagulitsa chinthu chachinyengo, koma maonekedwe amenewa ndi umboni woti thanki yakhala ikutetezedwa. Ikaonda kufika pa theka la kunenepa kwake koyamba, kapena waya wapakati ukaonekera kwa masentimita 15, isintheni. Mukapeza waya wokhawokha wolendewera pa mutu, dziwani kuti thanki yakhala nthawi yosadziwika ilibe mtetezi, ndipo muunike mkati mwake ndi tochi musanatseke.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ndodo imene imatuluka ikuoneka ngati yatsopano patapita zaka zingapo. Mwini nyumba amasangalala, pulambala amaibwezera, koma chonsecho ndodo yosadyeka kawirikawiri imatanthauza kuti batire lija silinagwire ntchito. Nthawi zina mutu wa ndodo sukukhudzana ndi thanki chifukwa anakulunga tepi yoyera yochuluka kwambiri pa mazinga, kapena anapaka phala lotsekera lokhuthala, kapena dzimbiri linalowa pakati. Popanda njira yodutsa maelekitironi, magnesium amangokhala m'madzi osathandiza kanthu. Izi zimayezeka mosavuta ndi multimeter, kamita koyezera magetsi: ikani nsonga imodzi pa mutu wa ndodo, ina pa chitsulo chosapentedwa cha thanki, ndipo mita iyenera kusonyeza kuti magetsi akudutsa popanda chotchinga. Nthawi zina ndodo imakhala itakutidwa ndi chikhungwa cholimba cha laimu chimene chaitsekereza ku madzi, zimene zimachitika kwambiri ndi madzi a mijigo okhala ndi laimu wambiri. Ndodo yotere ndi bwino kungoisintha.

Ndodo ikamatha msanga kuposa mmene mumayembekezera

Mukapeza kuti ndodo yatha chaka chisanathe, funsani kuti n'chiyani chikukoka magetsi ochuluka chonchi. Choyamba ndi madziwo. Madzi okhala ndi mchere wambiri wosungunuka amadutsitsa magetsi mosavuta, ndipo mijigo ina imatulutsa madzi amene mumachita kumva kukoma kwa mchere pa lilime. Makina ofewetsa madzi nawonso amafulumizitsa kudyekaku, chifukwa amachotsa laimu amene akanaphimba chitsulo n'kuikamo sodium. Chachiwiri ndi kopa. Paipi ya kopa ikalumikizidwa mwachindunji ku thanki yachitsulo, kapena elementi yakopa ikakhala yosatchingidwa, magnesium amayamba kutetezanso kopayo, amene safuna n'komwe chitetezo chimenecho, ndipo ndodo ikatha kopa yemweyo amachititsa kuti chitsulo choyandikana naye chidyeke mofulumira. Pali zolumikizira zokhala ndi pulasitiki pakati zimene zimalekanitsa zitsulo ziwirizi, ndipo ndi zoyenera kuzifunsa pomanga giza, bola waya wa efi wa chitetezo cha magetsi usachotsedwe. Chachitatu ndi kutentha kopitirira muyezo. Thermostat, chipangizo choyang'anira kutentha kwa madzi, ikaikidwa pa madigiri okwera kwambiri imafulumizitsa kudyeka konse, ndipo magiza a sola a pa denga amatentha koopsa m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, makamaka m'nyumba imene anthu achokapo ndipo madzi sakugwiritsidwa ntchito.

Pali chinanso chimene chimakhudza kwambiri madera amene madzi amavutavuta. Magnesium amateteza chitsulo chokhacho chimene chamira m'madzi omwe iye wamiramo. Madzi akasiya m'mipopi, giza yopanda valavu yoletsa madzi kubwerera imatha kukhuthukira m'mapaipi, ndipo mbali ya pamwamba ya thanki imatsala yonyowa, yofunda, yodzaza mpweya, popanda chitetezo chilichonse ngakhale ndodo itakhala yatsopano. Mukaona kuti magiza anu amabookera chakumwamba, kapena elementi imapsa kawirikawiri madzi akangosiya, muuzeni pulambala aone ngati valavu imeneyi ndi zipangizo zolowetsa mpweya m'mapaipi kuti thanki isakhuthuke zilipo ndipo zikugwira ntchito.

Fungo la dzira losukusa

Vuto ili ndi limene limachititsa anthu ambiri kuwononga magiza awo ndi manja awo. Madzi otentha amanunkha ngati dzira losukusa, makamaka m'mawa kapena mukabwerera kuchokera ku ulendo, pamene ozizira alibe fungo lililonse. Mpweya wonunkhawo ndi hydrogen sulphide. Umapangidwa ndi mabakiteriya amene amakhala kopanda okosijeni, amene amadya mchere wotchedwa sulphate wa m'madzi mothandizidwa ndi hydrogen ndi maelekitironi ochokera ku magnesium. Zimachitika kwambiri ndi madzi a mjigo opanda klorini, komanso m'giza imene imangofunda osatentha kwenikweni, monga mmene zimakhalira pamene banja likuyatsa giza kwa mphindi zochepa kuti lisunge mayunitsi a magetsi, kapena giza ya sola m'masiku a mitambo ndi chiperoni a mu Juni ndi Julayi.

Apulambala ena amathetsa fungoli pochotsa ndodo n'kutseka bowolo ndi pulagi. Fungo limachepadi, mwini nyumba n'kuthokoza, koma kuyambira tsiku limenelo thanki imayamba kudzidya yokha, ndipo opanga magiza ambiri savomera kubweza katundu amene anachotsedwa ndodo. Musalole zimenezi. Njira yoyenera ndi kukhuthula thanki yonse kuti matope apansi atuluke, kuitsuka ndi madzi othira klorini pang'ono amene agonamo maola angapo, kuitsukuluza mpaka fungo la klorini lithe, kenako kuika thermostat pa madigiri 60 ndi kulola giza kufika pa kutentha kumeneko nthawi ndi nthawi. Madigiri 60 amachepetsanso mabakiteriya a Legionella amene amayambitsa chibayo choopsa, koma madzi otentha chonchi amawotcha khungu m'masekondi ochepa, choncho m'nyumba ya ana ndi okalamba muzitsegula madzi ozizira poyamba.

Fungo likabwereranso ngakhale mwachita zonsezi, sinthani mtundu wa ndodo. Ndodo ya aluminiyamu wosakaniza ndi zinki pang'ono imakankha maelekitironi mofatsa ndipo imachepetsa fungo, ngakhale kuti imasiya phala lochuluka pansi pa thanki ndiponso imateteza moperewera m'madzi opanda mchere wambiri. Zinki payekha sayenera m'giza, chifukwa m'madzi ena otentha kupitirira madigiri 60 amatha kutembenuka n'kusiya kuteteza chitsulo. Palinso ndodo ya titanium yoyendera magetsi, imene sidyeka ndipo imathetsa fungo bwino, koma magetsi akathima chitetezo chake chimathimanso, pamene magnesium amagwirabe ntchito mumdima. Kwa nyumba yopanda sola kapena mabatire osungira magetsi, ine ndingasankhe ndodo yodyeka n'kumaiona chaka ndi chaka.

Mpopi ukamalavula mpweya

Hydrogen amene magnesium amatulutsa amaunjikana pamwamba pa thanki ngati madzi otentha sanagwiritsidwe ntchito kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, ndipo mukatsegula mpopi umatsokomola n'kumalavula. Mpweya umenewu umayaka moto. Mukabwerera m'nyumba imene inali yotseka, tsegulani mpopi wa madzi otentha wa kukhitchini kwa mphindi zingapo musanayatse makina ochapira kapena chilichonse cha magetsi cholumikizidwa ku madziwo, ndipo pasakhale kandulo, mbaula kapena fodya pafupi. Ngati kulavulaku kukuchitika tsiku lililonse pamene madzi sanasiye, ndodo ikudyeka mofulumira kwambiri, ndipo muyenera kuyang'ana zifukwa zimene tafotokoza kale zija.

Pomanga ndodo yatsopano, gulani ya mazinga ndi utali wofanana ndi yakale, ndipo ndi bwino kupita ndi yakaleyo kusitolo ya zipangizo za mapaipi, kaya ku Old Town kapena kwina, kuti mukayerekeze. Ngati denga ndi lofupika moti ndodo yaitali singalowe, pali ndodo za mfundomfundo zimene zimapindika. Kulungani tepi pang'ono chabe, mangani molimba, ndipo muyeze ndi multimeter musanatseke chivundikiro. Tsegulani madzi olowa mpopi wotentha uli chitsegulire, mudikire mpaka madzi atuluke mosadukiza, ndipo pokhapo muyatse magetsi, chifukwa elementi yoyatsidwa popanda madzi imapsa nthawi yomweyo. Lembani tsiku ndi chaka pa thupi la giza ndi cholembera chosafufutika. Onetsani ndodoyo koyamba pakatha chaka chimodzi, ndipo mmene yadyekera pa chaka chimenecho ndi mmene mudzadziwire ngati madzi a pa nyumba panu akufuna kuti muziiona chaka chilichonse kapena pakapita zaka ziwiri. Kwa amene akuchita lendi, kambiranani ndi eni nyumba kuti ndani aziyang'anira zimenezi, ndipo ngati n'kotheka mulembe m'pangano la nyumbayo, chifukwa mtengo wa ndodo ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa giza yatsopano pamodzi ndi siling'i yonyowa.